Gawo Lomaliza

Tinkati ndi za ana.
Malizani ndiye ankaseka kwambiri:
bambo wandevu zake, wosenza simenti ku Midrand,
kukhalira katuni?
Koma Lachinayi lililonse ankafika woyamba,
fumbi likadali m'nsidze,
n'kulanda mpando wokhawo wosagwedera
m'kachipinda kathu ka kuseri kwa galaja ku Rosettenville.

Magawo asanu ndi limodzi basi.
Kamtsikana kojambula, maso ngati mabatani a jasi,
kakwera makwerero a mphepo
kupita kumzinda wolendewera pa maunyolo
kukagula mvula imene inabedwa kwawo.
Kumeneko salandira ndalama.
Mtengo wa mtambo umodzi
ndi chilembo chimodzi cha dzina lako.

Zione analuka kasitomala wake ku Yeoville
tsitsi longa la kamtsikanako, osamuuza.
Gomezgani anajambula chinjoka chamkuwa cha pachipata
pa chitseko cha firiji ya eni,
mpaka lero sichifufutika.
Che Ndala ankati iwo saonera nawo,
angobwera kudzatchaja foni,
koma pa gawo lachitatu, galu wautsi uja atafa,
anatuluka panja
kukatsokomola nthawi yaitali.

Tsiku la gawo lomaliza magetsi anathima seveni koloko.
Tinatsamiritsa foni pa chitini cha shuga,
mitu isanu ndi umodzi pa kagalasi kong'aluka,
bandulo ya Tamanda ikusungunuka tikuona.

Kamtsikana kagula mitambo yonse.
Kaimangirira kumiyendo ya mbalame.
Kwawo mvula yagwa, anthu akuvina m'matope.
Kafika pachipata, chinjoka chikufunsa:
Ndiwe yani, ndikutsegulire?
Iko kukamwa yasa.
Nyimbo.
Mayina a ojambula akukwera m'mwamba.

"Atibera!" Malizani anamenya bondo,
chitini cha shuga n'kugwa.
"Masabata onsewa, n'kumusiya mwana pachipata?
Amene analemba zimenezi alibe mlongo."
Zione akuti amayi ake adzamulondola,
mayi safuna chilembo, amadziwa kayendedwe.
Gomezgani akuti dikirani, kukubwera magawo ena,
anthu amenewa sasiya ndalama panjira.
Tamanda akulumbira pali Mulungu
kuti mbalame yomaliza inali ndi kanthu kukamwa,
bwezani m'mbuyo muone,
bwezani!
Foni ikungozungulira. Bandulo yatha.

MaKhumalo, mwini nyumba, anagogoda khoma
kufunsa m'chinenero chawo ngati kwagwa maliro.

Ndiye Che Ndala, ali pakhomo, foni yosatchaja m'manja:
"Ine kuntchito amanditcha Pita.
Zaka khumi ndi zinayi.
Malata ndinatumiza, nyumba sidontha.
Mwana wanga wamkazi pafoni amati,
amama, abambo aja akufuna inu."
Anaseka okha.
Palibe anawathandiza kuseka.
Zione anayamba kutola shuga pansi ndi supuni,
kambewu kamodzikamodzi,
ngati ndi ntchito yofunika usiku womwewo.

Ine sindinanene kanthu.
Ndinakwiya, inde, koma osati ndi ojambula.
Ndinagona chagada, kumva matakisi omaliza
akutsika msewu wopita kutauni,
n'kumatchula dzina langa lonse motsitsa,
la pa pasipoti ndi lija la kumudzi
limene kuno palibe analimvapo,
kuwerenga zilembo ndi zala pansi pa bulangete.
Zinakwana.
Ndinawerenganso.

Cha m'ma thuu koloko foni inanjenjemera.
Malizani.
Wagula bandulo ndi ndalama ya thiransipoti ya mawa.
"Ase, ndaoneranso kanayi.
Mbalame ija ilidi ndi kanthu kukamwa.
Koma ikulowera kuti, sindikuona bwino,
galasi langa ndi lakuda.
Ubwere ndi yako Lachinayi."

Lachinayi kulibenso gawo lina.
Tonse tikudziwa.
Mpando uja ndausunga.